Amayi a kutsidya ndi akazi a matchona: gulu la kumudzi lingawalankhulire bwanji kuboma?

Funso lachokera kwa mayi wina wa kwa Njema ku Mulanje: "Ndine mlembi wa gulu la banki m'khonde kufupi ndi Limbuli. M'gulu mwathu muli amayi obadwira ku Milange amene anakwatiwa kuno, ena amuna awo anapita ku Joni kalekale osabwerako, ndipo ena angobwera kumene kuchokera kunja ali chimanjamanja. Takhala tikuwasonkhera ufa ndi kuwaperekeza kupolisi, koma mavuto ndi omwewo chaka ndi chaka. Ana alibe ziphaso, amayi sakulembedwa pa makuponi, amasiye akuthamangitsidwa pamudzi. Anzathu ena akuti tipite ku Lilongwe tikauze aphungu asinthe malamulo. Kodi kagulu ngati kathu kangathe? Tiyambire pati?"

Mayi mlembi, za Lilongwe muyambe mwaziika pambali. Sindikuderera gulu lanu ayi. Nkhani ndi yoti ambiri mwa mavuto mwatchulawa malamulo anawayankha kale. Mwana wobadwira m'dziko muno ayenera kulembetsedwa, wamasiye lamulo limamuteteza, ndipo mkazi womenyedwa apolisi sayenera kuyamba amufunsa kumene anabadwira asanamuthandize. Zinthu zikuthera panjira, pa zenera la kalaliki ndi pabwalo la amfumu. Mukakwera basi lero kukaonana ndi aphungu, adzakulandirani ndi manja awiri, mudzajambulitsa nawo, kenako adzakuuzani kuti lamulo lilipo kale, bwererani kwa bwanamkubwa wanu. Ndalama ya thiransipoti idzakhala yapita.

Yambani ndi kuwasiyanitsa amayiwa. Njala yawo ndi imodzi, koma pamaso pa lamulo ndi anthu osiyana kwambiri. Mayi wobadwira ku Milange, makolo ake onse a ku Mozambique, sasanduka nzika ya Malawi chifukwa chongokwatiwa kuno, ngakhale atabereka ana asanu ndi awiri kwa Njema. Mayi amene mwamuna wake anatchona ku Joni ndi nzika yeniyeni, ndipo vuto lake ndi la banja, la ana ndi la kaundula wa m'mudzi. Amene wabwera kuchokera kunja wopanda kanthu mwina anachita kuzembetsedwa, ndipo nkhani yake ndi ya apolisi ndi a ofesi ya zantchito. Mukawaunjika onse m'kalata imodzi, ofesi iliyonse idzaloza inzake. A Social Welfare adzati pitani ku Immigration, a Immigration adzati za ana si zathu, inu n'kumangozungulira pa boma mpaka dzuwa kulowa.

Musanalowe mu ofesi iliyonse, mbiri ya dera lanu muisunge pamtima, chifukwa mudzaifuna munthu akadzayamba kunena kuti "awa ndi obwera". Malire amene mumawoloka pa Muloza anadulidwa ndi pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891, eni dera a m'mbali mwa Ruo asanafunsidwe. M'zaka zotsatira Alhomwe ambirimbiri anawoloka kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, nakhala pa minda ya azungu mwa thangata. Tiyi wa ku Mulanje ndi ku Thyolo anakula ndi thukuta la anthu amenewo. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo dziko lino linasunga othawa kwawo opitirira miliyoni imodzi mpaka pamene mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992, ndipo ambiri a iwo ankakhala m'midzi pamodzi ndi abale awo. Ena sanabwererenso. Choncho khansala kapena gulupu amene amapita ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe amadziwa bwino kumene agogo ake anachokera. Musamunyogodole nazo pagulu. Kungomukumbutsa mwaulemu muli awiri kumakwana.

Mutandifunsa nkhani imodzi yoti muyambe nayo, ine ndingasankhe ziphaso za kubadwa za ana. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene anabadwira, ndipo mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina komanso unzika. Lamulo la unzika la mu 1966 limati mwana wobadwira ku Malawi ndi nzika ngati bambo ake kapena mayi ake ndi nzika. Kholo limodzi ndi lokwanira. Mwana wa mayi wa ku Milange ndi bambo wa kwa Njema ndi Mmalawi kuyambira tsiku lobadwa, bambo akewo kaya ali pakhomo kaya ali ku Durban. Lamulo la kalembera la mu 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2015, limalamula kuti mwana aliyense wobadwa alembetsedwe, ndipo ngakhale mwana wa makolo onse akunja amalembetsedwa, kungoti chiphasocho sichimupatsa unzika. Chimene anthu ambiri sadziwa n'choti bwanamkubwa ndi amenenso amayang'anira kalembera m'boma lake. Munthu amene angakonze vutoli amakhala pa boma pomwepo ku Mulanje, ulendo wa minibasi imodzi kuchokera pa Limbuli.

Nkhani ya ana ili ndi ubwino winanso. Palibe mtsogoleri angaime pamsonkhano n'kunena kuti mwana wa sitandade 3 asakhale ndi chiphaso. Zotsatira zake zimawerengeka: mumadziwa ana angati analibe, angati alandira. Ndipo mukalowa ndi nkhani ya mwana, ya mayi ake imalowa nayo yokha popanda inu kuyamba ndi mawu oopsa aja oti "mlendo wopanda mapepala".

Mmene zimakanikira ndaziona kangapo pa ntchito yanga, ndipo zimafanana. Mayi afika pa tebulo ali ndi mwana kumbuyo, m'manja muli kabuku ka sikelo kokutidwa ndi pepala la shuga. Fomu yolembetsera mwana, ya NR8, imafuna mbiri ya makolo. Iye chiphaso alibe, cha bambo a mwana chili m'thumba la mwini wake ku Joni. Wolembayo, amene ali ndi mzere wa anthu makumi angapo kumbuyo kwa mayiyo, amangoti "mudzabwere ndi bambo ake". Mayi atembenuka, sabweranso. Palibe anamutukwana, palibe analemba kuti wakanidwa, ndipo m'mabuku a boma vutoli kulibe. Zaka 16 zikadutsa mwanayo adzafuna chiphaso cha unzika, ndipo panthawiyo amfumu amene ankadziwa bambo ake mwina adzakhala atatisiya. Kwa okhala m'makomboni a m'maesiteti zimavuta kuposa apa, chifukwa kalata ya mfumu imene ofesi zambiri zimafuna alibe koitenga. Iwo amadziwika ndi kapitawo, ndipo ntchito yotchola tiyi ikatha nyumba nayo yatha.

Tsono ntchito yanu yoyamba ndi kusandutsa zimene mukudziwazo kukhala umboni. Gulani kope la hadikava. Pa banja lililonse lembani zaka za mwana, kumene anabadwira, kaya kuchipatala kaya kunyumba kaya kutsidya, kholo liti lili ndi chiphaso, anapita liti kukalembetsa, ndipo anauzidwa mawu oti chiyani. Mawuwo alembeni monga mmene anawamvera. Mabanja makumi atatu kapena anayi a m'midzi ya gulupu mmodzi, olembedwa mosamala, amamveka kuposa kunena kuti "amayi ambiri akuvutika". Mawu oti "ambiri" bwanamkubwa amawamva tsiku lililonse. Chimene sanamvepo n'choti kwa gulupu wakutiwakuti kuli ana 41 opanda ziphaso, ndipo 28 mwa iwo anabwezedwa chifukwa bambo ali kunja. Manambalawa ndangopereka chitsanzo, anu mudzawapeza nokha.

Apa pali ngozi imene ndikufuna muimvetse bwino. Kope lokhala ndi mayina a amayi opanda zilolezo zokhalira m'dziko muno, pamodzi ndi midzi yawo, likagwera m'manja olakwika limasanduka mndandanda wa anthu oti agwidwe. Mu 2023 boma linalamula kuti othawa kwawo onse okhala m'matauni ndi m'midzi abwerere ku Dzaleka ku Dowa, ndipo apolisi anagwira anthu ambiri, amayi ndi ana omwe, ena kuwasunga kaye kundende ya Maula. Amayi anu si othawa kwawo, koma mwaona mmene zinthu zimatembenukira msanga. M'kope lopita ku ofesi musalembemo mayina, ikani manambala. Pepala losonyeza kuti nambala yakuti ndi ya ndani likhale ndi munthu mmodzi wodalirika, kunyumba, osati pa WhatsApp. Mayi aliyense mumuuze zimene mukufuna kuchita ndi nkhani yake, ndipo akakana musamukakamize kapena kumunyanyala m'gulu. Akabwera atolankhani kapena a bungwe kudzajambula, nkhope ya mayi wopanda chilolezo isaoneke. Iwo amabwerera kutauni madzulo omwewo, mayiyo ndiye amatsala ndi anansi ake.

Umboni ukakwana, kwerani makwerero amene alipo kale. Chiyambire ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma aang'ono la mu 1998, nkhani za chitukuko zimayambira ku komiti ya chitukuko ya kwa gulupu (VDC), kupita ku ya kwa mfumu yaikulu (ADC), kenako ku komiti ya akuluakulu a nthambi za boma imene amaitcha DEC, mpaka ku msonkhano wa khonsolo yonse. Njirayi ndi yochedwa ndipo nthawi zina imatopetsa, koma ili ndi mphamvu imodzi: zimene zalowa m'maminitsi zimakhala ngongole. Pitani kaye kwa amfumu musanapite ku VDC, kuti asadzamvere pagulu. Pemphani kuti nkhani yanu ilowe pa ajenda, isangotchulidwa kumapeto anthu akunyamula mipando. Msonkhano ukatha, pemphani kope la maminitsi kapena lijambuleni pafoni. Yesetsaninso kuti nkhaniyi ilowe mu pulani ya chitukuko ya mudzi, chifukwa ndi mapulani amenewo amene amaphatikizidwa kupanga pulani ya boma lonse, ndipo chimene mulibe m'menemo sichipatsidwa ndalama. Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, choncho pempho lofuna ndalama lifike chaka chisanathe, makhonsolo akadali pokonza bajeti. Mukafika nalo mu Meyi adzakuuzani kuti mudikire chaka chamawa, ndipo adzakhala akunena zoona.

Pempho lanu likhale laling'ono, loti munthu mmodzi angathe kulivomera ndi cholembera chake. "Tikufuna ufulu wa amayi ulemekezedwe" aliyense adzaombera m'manja, palibe adzachitepo kanthu. Nenani kuti mukupempha bwanamkubwa alembere zipatala zonse za m'malire kalata yofotokoza chochita pamene bambo wa mwana ali kunja, ndi kuti umboni wa amfumu ndi wa abale a bamboyo okhala ndi ziphaso ulandiridwe. Nenani kuti a NRB, omwe ndi a ofesi ya kalembera, abwere tsiku limodzi pa sukulu yakutiyakuti kudzalembetsa ana otsalira, inu mudzasonkhanitsa anthu. Nenani kuti khonsolo ifotokoze amene ayenera kulembera kalata anthu a m'makomboni. Zonsezi zikwane pa tsamba limodzi, ndi tsiku limene mudzabwererenso kudzamva yankho. Ndipo pa tsikulo bwereranidi. Magulu ambiri amagwera pamenepa, amapereka kalata mwamphamvu n'kukhala pansi kudikira kuitanidwa.

Za makuponi ndi Mtukula Pakhomo tinene mosabisa. Chiyambire kalembera wa mu 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa ziphaso za unzika, chiphasocho ndiye chakhala khomo la pafupifupi chilichonse: feteleza wotsika mtengo, nambala ya foni, akaunti ya kubanki, ngakhale kulandira ndalama zimene mwamuna watumiza pa Mukuru. Mudzaona mayi wa kutsidya akupita pa kauntala ndi mnansi wokhala ndi chiphaso, ndalama kubwera m'dzina la mnansiyo, n'kudulapo "ya sopo" asanamupatse. Kwa mayi amene si nzika, kupempha kuti alembedwe yekha pa feteleza n'kovuta, ndipo sindikulangizani kuyambira pamenepo. Koma pakhomopo mwina pali mwana wamkulu amene ndi nzika, ndipo banjalo lingalembedwe kudzera mwa iye akapeza chiphaso. Mwaonatu chifukwa chake ndikukakamira za ana. Kwa mkazi wa mtchona nkhani ndi ina. Iye chiphaso ali nacho, koma m'kaundula mutu wa banja ndi mwamuna amene sanapondeko pamudzi zaka zisanu. Pemphani kwa alangizi a zaulimi ndi ku VDC kuti pokonzanso kaundula dzina likhale la amene akulimadi mundawo. Izi sizifuna phungu.

Nkhani ya amasiye ndiyo yolemera, ndipo muikonzekere nthawi yaitali. Kwanuko mwambo ndi wa chikamwini: mwamuna amapita kwa mkazi, munda ndi wa mbumba, ana ndi a kwa mayi. Mwambo umenewu umateteza bwino mkazi wa pamudzi pomwepo, chifukwa banja likatha amene amanyamula chikwama ndi mwamuna. Koma mkazi wotengedwa kuchokera ku Milange ali pa chitengwa pakati pa anthu a chikamwini. Munda umene akulima ndi wa alongo ake a mwamuna, ndipo ana ake pamwambo ndi a kutsidya. Mwamunayo akamwalira, kapena akatchona mpaka abale kutopa, alamu ake saona ngati akuchita nkhanza pomuuza kuti apite kwawo. Iwo amati akutsata mwambo. Kwawoko mwina anachokako ali mtsikana, makolo anamwalira, munda anagawana ena.

Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo, limati katundu wa m'nyumba ndi wa wotsalayo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nawo kupolisi. Silinena kuti mkaziyo akhale wobadwira kuno. Lamulo la maukwati la mu 2015 limazindikira ukwati wa kwa ankhoswe, wa kutchalitchi, ngakhale wa anthu amene akhalira limodzi zaka zosachepera zisanu khoti likatsimikiza. Pa njinga, malata, mbuzi ndi ndalama za kuntchito, mayiyo ali ndi poimira, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza osauka pa milandu yotere. Pa munda wa makolo ndiye pamavuta, chifukwa umayendera mwambo, ndipo ngakhale mutapambana kukhoti, mayiyo adzakhala bwanji pakati pa anthu amene wawagonjetsa? Ine ndaona kuti pamenepa bwalo la mfumu limathandiza kuposa khoti. Pemphani mfumu yaikulu ndi magulupu ake akhazikitse lamulo la m'dera loti wamasiye wa pa chitengwa asachotsedwe pa nyumba ndi pa munda umene ankalima ndi mwamuna wake pamene ana akadali aang'ono. Musapemphe kuti mundawo ukhale wake mpaka kalekale, mbumba idzakana ndipo mudzataya zonse. Pemphani kuti alime ndi kulera ana. Mafumu ali ndi mphamvu pa zoterezi. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana pogwiritsa ntchito mgwirizano ndi mafumu ake aang'ono, mpaka kuimitsa paudindo amene ankalekerera.

Kwa akazi a matchona ndisakunamizeni. Lamulo losamalira ana la mu 2010 limati kholo lili ndi udindo wosamalira mwana wake, ndipo khoti la majisitireti lingalamule bambo kupereka chithandizo. Koma chigamulo cha khoti la ku Mulanje kuti chikagwire munthu wogona m'kachisakasa ku Johannesburg, yemwenso akubisala apolisi kuopa kutumizidwa ku Lindela kumene amatsekera alendo oti abwezedwe kwawo, n'chinthu chovuta zedi. Nkhaniyi ndi yakale, agogo athu anaiona nthawi ya Wenela ndi Theba. Chimene gulu lanu lingachite ndi kuteteza zimene zili kuno. Ankhoswe a mbali zonse atsimikize pamaso pa amfumu kuti ukwati ulipo, kuti nyumba inamangidwa ndi ndalama za banja, ndi kuti achibale a mwamuna asagulitse malata kapena malo iye kulibe. Mwamuna asananyamuke asiye fotokope ya chiphaso chake ndipo ana akhale atalembetsedwa. Mutapempha amfumu kuti azifunsa zimenezi kwa aliyense wobwera kudzatsanzika kapena kudzatenga kalata ya pasipoti, mudzakhala mwapewetsa milandu yambiri ya mtsogolo.

Za obwerera kuchokera kunja ndinene mwachidule. Amayi a ku Malawi amene anakagwira ntchito za m'nyumba ku Kuwait ndi ku Oman, n'kulandidwa mapasipoti, nkhani yawo inamveka dziko lonse. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la mu 2015 limapereka chilango cha zaka zofika 14 kundende, ndi 21 ngati wozembetsedwayo ndi mwana, ndipo limateteza wozembetsedwa kuti asazengedwe mlandu pa zimene zinachitika chifukwa cha kuzembetsedwako. Limagwiranso amene amatenga ana a ku Mulanje ndi ku Phalombe kukawagwiritsa ntchito m'minda ya kutsidya. Mayi wotere muperekezeni ku Victim Support ndi ku Social Welfare, ndipo ofesi ya zantchito ya pa boma muipemphe izibwera ku misonkhano ya ADC kudzanena poyera makampani amene ali ndi chilolezo chotumiza anthu kunja, kuti madobadoba asowe ponamizira.

Nanga aphungu adzafunika liti? Adzafunika mukadzafika pa vuto limene bwanamkubwa sangalithetse ngakhale atafuna. Lalikulu ndi la mayi uja wakhala kuno zaka makumi awiri, ana ake onse ndi nzika, koma iye alibe pepala lililonse. Njira zopezera chilolezo chokhazikika kapena unzika zilipo, ndipo kuyambira pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri kumapeto kwa 2018 zinthu zinapepukako. Koma njirazo zimafuna pasipoti, mafomu a Chingerezi, maulendo a ku Blantyre ndi ndalama zimene wogulitsa nthochi pa Limbuli sangazione. Zinakonzedwa poganizira munthu wa bizinesi wotsika ndege, pamene lamulo la zolowa ndi kutuluka m'dziko ndi la m'ma 1960. Kupempha njira yapafupi ndi yotsika mtengo ya akazi ndi amuna a nzika okhala m'malire ndi nkhani ya unduna, ya Law Commission imene imalandira maganizo a anthu pa malamulo ofunika kuunikidwanso, ya gulu la aphungu aakazi, komanso ya Malawi Human Rights Commission. Kumeneko simupita nokha. Mumapita ndi magulu a ku Thyolo, Phalombe, Nsanje, Mwanza ndi Dedza amene ali ndi vuto lomwelo, ndiponso ndi bungwe lodziwa kulemba zikalata za malamulo. Chimene iwo alibe ndi chimene inu mudzakhale nacho: kope lija ndi maminitsi osonyeza kuti munayesa pa boma zinakanika. Malamulo amasintha pang'onopang'ono. La zaka zokwatira linadutsa mu 2015, koma panafunikanso kusintha malamulo aakulu mu 2017 kuti mpata wokwatitsa ana a zaka 15 utsekedwe. Nthawi zina khomo limatseguka mwadzidzidzi, monga mmene lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi linadutsira patangopita masabata ochepa namondwe wa Freddy atasakaza dera lanu mu Malichi 2023. Amapindula ndi amene mapepala awo anali okonzeka kale.

Mudzakumana ndi otsutsa, ndipo ena a iwo si anthu oipa. Adzati makuponi ndi ochepa kale, mankhwala m'zipatala za m'malire amatha msanga chifukwa cha odwala ochokera kutsidya, nanga mukufuna kuwonjezeranso? Musawayankhe mwaukali, chifukwa za kuchepa kwa zinthuzo akunena zoona. Auzeni kuti ana amene mukuwalankhulira ndi adzukulu awo omwe, ndi kuti anthu osalembedwa amadyabe, amadwalabe, amadzazabe makalasi, kungoti boma pogawa zinthu siliwaona. Polankhula pamsonkhano musamasiyire mlembi yekha. Aimirire mkazi wa mtchona amene ali ndi chiphaso, ndipo ngati n'kotheka apongozi amene akulera mpongozi wawo wa kutsidya, chifukwa mawu a gogo wa pamudzi pomwepo savuta kuwamvera. Mayi wopanda chilolezo asakakamizidwe kuimirira. Wailesi ya m'dera monga Mzati ingathandize, makamaka pa masiku 16 olimbana ndi nkhanza kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala, koma pitani kuwailesi mutalankhula kale ndi ofesi, osati kukaichititsa manyazi isanamve nkhani yanu.

Nsalu za chipani muzisiye kunyumba pa misonkhano imeneyi. Phungu ndi khansala muwaitane chifukwa cha mipando yawo, ndipo amene anagonja pa chisankho musamunyoze, mawa ndi iyeyo. Gulu lanu likalembetsedwe ku ofesi ya Social Welfare kuti kalata zanu zizikhala ndi chidindo. Bungwe likabwera ndi maalawansi, landirani ngati likuthandiza nkhani imene mwasankha kale, koma samalani, ndaona magulu abwino akusiya kope lawo n'kumangoyendera maphunziro a m'mahotela. Ofesi ikakhala chete mutakumbutsa kawiri kapena katatu, lembani kalata yopempha yankho pansi pa lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza mauthenga m'maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo zikakanikabe kadandauleni kwa Ombudsman, amene ntchito yake ndi kufufuza ofesi za boma zosathandiza anthu ndipo salipiritsa.

Zonsezi zidzatenga miyezi, zina zaka, choncho kusonkha ufa kuja ndi kuperekezana musakusiye. Mayi akamenyedwa usiku kapena mwana akasowa mukuganiza kuti wawolotsedwa, musadikire msonkhano wa VDC. Pitani kupolisi ndi kuchipatala nthawi yomweyo, kapena imbani 5600 pa nkhanza ndi 116 pa nkhani za ana. Manambala onsewa ndi aulere. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 limalola khoti kupereka chiletso choteteza wozunzidwa, ndipo mayi wobadwira ku Milange angachipemphe monga mmene angachitire wobadwira pa Chitakale.